Masokosi Amene Ndinagulira Amama

Loweruka madzulo. Mtima wanga suli m'malo.

Ndafika ku Kasenengwa masana, ndapeza amama akutsimphina. Masokosi othina aja ndinawagulira ku Chipata chifukwa cha mitsempha yotupa ya m'miyendo awasiyira mzere pansi pa mawondo, mapazinso atupa. Wogulitsa mankhwala anachita kundiuza kuti ndiyambe ndawayeza akatumba m'mamawa. Ine phuma, ndinangotola aang'ono poganiza kuti akathina kwambiri amama achira msanga.

"Bwanji simunavule, amama?"

"Unagula ndiwe, mwana wanga. Ndikanavula bwanji?"

Ndawavula pang'onopang'ono, iwo akuyang'ana kumbali kuti ndisaone misozi. Mawa ndiwayeza ndi chingwe, Lolemba tikaonane ndi anamwino. Koma amama akukana kuti nditaye masokosi othinawo, akuti ndiwapinde bwino, ndiwaikire m'sutikesi mwawo...