Likhweru la Injini ya a Philemon

Lolemba, 12 Sepitembala 1994

Kuno ku Pembamoyo. Kutentha, fumbi. Njinga zitatu, ina yosweka masipoko asanu ndi awiri.

Imelda, mlongo wanga, waviika chimera lero. Mowa wa bona wa amuna ake, a Philemon, ndi pa 8 Okutobala. Chaka chikukwana chiwaikire m'manda, ine ndikadali pano, kudya, kupopa matayala a anthu.

Lamvekanso. Dzuwa lili paliwombo, ndikumanga sipoko. Likhweru lomwe lija, lopyapyala, lalitali, losapumira. Kutembenuka, nkhuku zokha pansi pa ngolo. Mwini njinga anati, "A Luciano, mwaona njoka?" Ndinati ayi, khosi likuwawa.

Malole obwezera anthu ku Mozambiki abweranso mwezi wamawa. Dzina langa lilimo m'buku la ku ofesi. La Imelda mulibe. Iye ndi wa kuno tsopano: ana atatu ndi manda.

Lachinayi, 15 Sepitembala

Terrance, mng'ono wa malemu, anadutsa pa msasa wanga. Sanakhale pansi. Banja lagwirizana: mowa ukatha, a Mateyu asamuke. Kaya ku Zingalume, kaya kutchire. Nyumba agwetsa.

A Mateyu ndi atsibweni awo a Philemon ndi Terrance. Nkhalamba yamakani, zoona. Anakalipa mudzi wonse kumva pamene a Philemon anagulitsa ng'ombe zinayi za banja n'kugula Datsun ya mpikisano ija. Anati galimoto imeneyi idzakhala bokosi lako. Mawu a munthu wopsa mtima basi. Koma m'mawa wa mpikisano anabwera, n'kuika chikhatho pa boneti injini ikulira. Ine ndimati ankafuna kupepesa. Pompo likhweru. Anthu makumi awiri anamva. Pofika masana a Philemon anali m'chigwembe kuseri kwa kamlatho, mawilo kumwamba. Woombeza anangomaliza zimene anthu anali atanena kale: kuti a Mateyu ndiwo anawalodza.

Chaka chathunthu palibe wokapala moto kwa a Mateyu. Akazi awo, a Edina, amatunga madzi anzawo onse atachoka pa mjigo.

Munda umene ndimalima anandipatsa ndi a Mateyu omwewo, 1987, titangofika ndi mtolo umodzi ndi bokosi la masipanala.

Terrance pochoka: "Inu munali pomwepo. Mudzanene zimene munamva." Ndinati ndidzanena.

Lamlungu, 18 Sepitembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndilembe pano kamodzi, poti pepala silibwetuka.

Ku Tete, nkhondo isanatipirikitse, ndinagwira zaka zisanu ndi chimodzi kwa Mpwitikizi wina wokonza magalimoto a mpikisano, mmodzi wa amene sanathawe pa ufulu. Iye ndiye anandionetsa. M'mimba mwa injini, momwe mumakhala oyilo, mumadzaza mpweya wozemba m'mbali mwa mapisitoni. Umatupa, umaletsa mapisitoni kutsika bwino, umalavulitsa oyilo. Ukamangirirapo kapampu ka lamba koyamwa mpweyawo, maring'i a mapisitoni amamatirira, injini imapepuka ngati munthu wotula mtolo. Koma pa chivundikiro pamayenera kukhala kavalavu kolowetsa mpweya pang'ono pampu ikayamwa mopitirira. Mzunguyo ankandigogoda ndi sipanala pa chipewa: iyamwe, koma uisiyire mphuno. Ukaitseka mphuno, nkhungu ya oyilo imene imanyowetsa mapini a mapisitoni imatha. Mapini amauma, amapsa, amagwira.

Pampu ndinachotsa pa chigalimoto chakufa cha amishoni n'kuimanga pa Datsun ya a Philemon. Kavalavu ndinapanga ndekha, sipuling'i ndi kanjere ka chitsulo ka m'habu ya njinga. Miyezi iwiri kanagwira bwino, ndipo ndinkayenda modzimva.

Lachisanu masana, kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, tikuyesa pa msewu wa ku Mlolo. Alamu anga a Philemon anati pa chitunda ikuperewera pang'ono, anyamata a ku Chipata atisiya m'fumbi. "Alamu, palibe kena katsala m'thumba mwanumo?" Akuseka. Ine wofuna kutamidwa. Ndinachotsa kavalavu n'kumangapo bawuti. Ndinati makilomita makumi asanu ndi atatu okha, ipirira. Sindinawauze.

Likhweru lija limachokera pa labala wotchinga oyilo kutsogolo kwa shafiti. Injini yopanda mphuno ikatentha imakokera mpweya pamenepo. Si mzimu. Si a Mateyu. Linali chenjezo, ndipo mwa anthu makumi awiri aja wolidziwa ndinali ine ndekha.

Mapini anagwira galimoto ili pa liwiro, mawilo akumbuyo n'kuuma pokhota. Maliro atatha ndinaphwasula injini ndekha. Mapini awiri atabiriwira ndi moto. Bawuti ndinaiponya m'chitini cha mavalavu a njinga. Ikadali momwemo, tsiku lililonse chala changa chimaigunda.

Lachitatu, 21 Sepitembala

A Mateyu anabweretsa njinga yawo. Anadzera kuseri, kuti asandithamangitsire makasitomala. Aonda, kolala ya malaya ikuzungulira khosi. Thayala lakutsogolo zigamba zokhazokha.

Anakhala pa chitsa. Anati, "Inu nokha a Luciano simundithawa. Mulungu akusungeni." Guluu anandigwa m'manja.

Kenako zimene sindinaziyembekezere. Akuti masiku ano amadzifunsa okha. Akuti mwina ndi zoona, mwina pakamwa pawo pali chinthu chimene iwo sachidziwa. "Mwana wa mlongo wanga, ndinamunyamula ali khanda. Ndinangogwira boneti, inayamba kulira. Nanga n'chiyani?"

Ndinati sindikudziwa, atate. Ndinatero ine, maso pa thayala.

Loweruka, 24 Sepitembala

Likhweru katatu lero. Pa mjigo, mu ketulo, pa chitseko cha kukiliniki. Sindinadye.

Lachiwiri, 27 Sepitembala

Ku ofesi anena: malole anyamuka Lachinayi pa 6 Okutobala. Masiku awiri mowa usanamwedwe. Njira yosalala ngati yoitanitsa. Ndikwere, ndiwoloke malire, nditsegule kagalaja ku Ulongwe, ndani adzandifunse za bawuti? Mlendo ndi mame.

Ndikalankhula? Imelda akhala mlongo wa wakupha m'mudzi wa eni. Anabwera chitengwa, alibe mtsibweni kuno, ali ndi ine ndekha. Ana adzakula akudziwa kuti amalume awo ndiwo anaphetsa atate awo. Terrance dzanja lake limafika msanga kuposa mutu. Munda alanda, ndipo sadzalakwa.

Ndikangokhala chete, nkhalamba ziwiri zinyamule mphasa pamutu mvula ili pafupi.

Ndadana ndi dzanja langa lamanja. Limamanga bwino kwambiri, silinaphulepo mazinga a bawuti ngakhale kamodzi.

Imelda anandipeza ndikupinda zovala. Anayang'ana chikwama, osati ine. "Alongo, mupita mowa usanapse? Adzaimira kwathu ndani?" Basi, n'kubwerera ku mtondo wake.

Lachisanu, 30 Sepitembala

Kungonena ndi pakamwa sikuthandiza. Adzati a Mateyu andigula ndi munda, kapena andidyetsa. Anthuwa anamva ndi makutu awo, ayenera kumvanso ndi makutu omwewo.

Ndavundukula masaka kuseri kwa nkhokwe. Injini ili momwe ndinaisiyira. Mavu amanga m'paipi ya utsi, buluzi m'kabureta. Fungo la oyilo wopsa likadalimo, chaka chonsechi.

Pa njinga mpaka ku boma. Kuli pikapu yakufa kuseri kwa msika, mapisitoni ndi mapini ake ngofanana ndi a injiniyi. Mwiniwake walola nditenge, ndamusiyira jeke wanga. Kubwerera ndi katundu pa keriyala, dzuwa kumsana, likhweru m'khutu kuyambira pa mphambano mpaka pakhomo.

Lolemba, 3 Okutobala

Tsiku lachitatu ndikumanga. Ndaiika pa mitanda iwiri ya mlombwa, radiyeta ndamangirira ndi waya, petulo m'chigubu cholendewera pa nthambi. Batire wandibwereka mwini chigayo. Gasiketi ndadula pa katoni. Mzungu wanga akanaona akanandigogoda mpaka chipewa kubooka.

Kavalavu kaja ndinakapeza m'thumba la ovolosi yakale. Sindinakataye, kaya chifukwa chiyani. Sipuling'i ikadali yamoyo.

Anthu akuti ndikufuna kuigulitsa ndisanapite. Terrance anaima patali: "Mupita nayo ku Tete pamutu?" Ndinati mudzaona Loweruka. Anaganiza ndikuti ndidzaiperekanso ku banja.

Kwa Imelda fungo la thobwa. Ana akuimba. Wamng'ono amaseka ngati atate ake, mutu chagada. Sinditha kumuyang'ana nthawi yaitali.

Lachitatu, 5 Okutobala

Yalira. Kachitatu kupotokola, utsi, kenako kulira kosalala. Ndi kavalavu, yoyera bwino, yopanda likhweru. Ndinaisiya itenthe.

Ndiye ndinazimitsa, ndinachotsa kavalavu, ndinatenga bawuti m'chitini. Inalowa mosavuta ngati ikudziwa kwawo. Kuliza. Kuwonjeza mafuta.

Likhweru.

Lomwelo, ndendende. Mbuzi zinamwazika. Ndinakhala pansi m'fumbi. Koma chodabwitsa, mtima unatsika. Koyamba chaka chino linali kunja kwa mutu wanga, pamalo oti nditha kuloza ndi chala.

Kutsidya kwa mpanda mtondo wa Imelda unaleka. Sunayambirenso mpaka dzuwa kupendeka. Sanabwere kudzafunsa.

Lachinayi, 6 Okutobala

Malole apita. Ndinamva anthu akuimba mpaka kuseri kwa chitunda. Dzina langa analiitana kawiri, akuti.

Lamlungu, 9 Okutobala

Mlomo watupa, dzino limodzi likugwedera. Kulemba ndingathe.

Dzulo m'mawa ndinaikweza pa ngolo mpaka pabwalo. Anthu odzaza, a ku Zingalume ndi a ku Mlolo, mbiya zitandandalikidwa, ng'oma zikuwambidwa pamoto. A Mateyu ndi a Edina patali pansi pa mpoza, okha, opanda wowapatsa chipanda. Terrance anati, a Luciano anali pomwepo, amve onse. Ndinati ndinena, koma iyi iyambe.

Ndinailiza ndi kavalavu. Ndinapempha a Mateyu abwere aigwire. Anakana kawiri. Kenako anabwera, n'kuika chikhatho pa chivundikiro, maso atatseka. Palibe chinamveka. Ndinati gwirani ndi manja onse awiri, atate. Palibe.

Ndinawabweza ku mpoza kwawo. Ndinazimitsa, ndinaonetsa anthu bawuti m'mwamba, ndinaimanga m'malo mwa kavalavu onse akuona. Kuliza.

Likhweru litayamba, amayi ena anathawira kuseri kwa nyumba. Wina anagwetsa chipanda. Ndinamasula, linaleka. Kumanga, linayamba. Katatu. Kenako ndinazimitsa n'kunena zonse: mphuno, mapini, Lachisanu lija pa msewu wa ku Mlolo. Ndinati a Mateyu sanagwire kanthu koma boneti. Dzanja lolakwa ndi ili, langali.

Terrance anandifikira ndisanatsitse dzanjalo. Anandimenya kamodzi kokha, akuluakulu anamugwira. Sindikumuda. Chaka chonse wakhala akutukwana atsibweni ake pakhomo pawo, tsopano ayenda bwanji pamenepo?

Mowa unathiridwa pansi mochedwa, dzina la a Philemon linatchulidwa, ng'oma zinalira koma mopanda mtima. Za ine akuti akuluakulu akhala pansi sabata yamawa. Mlandu suwola. Munda, kaya. Malole ena kulibe mpaka chaka chamawa.

A Mateyu anangokhala akuyang'ana zikhatho zawo, kuzitembenuza.

M'mawa uno ndaona mkazi wa Terrance akutuluka kwa a Edina ndi phale la makala. Ankayenda mofulumira, mutu pansi, koma moto anapala.

Imelda sindinamuone. Pamene ndinkalankhula anali pakhomo la khitchini ndi mwana kumsana. Nditamaliza panalibe.

Lolemba, 10 Okutobala

Njinga palibe. Ngakhale imodzi. Likhwerunso palibe, tsiku lonse. Ndakhala ndikulidikira ngati munthu.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Imelda wabwera masana. Anakhala pa chitsa chomwe anakhala a Mateyu. Wametedwa, mpango wakuda wavula. Sanalire.

Anati ndimupatse bawuti. Ndinamupatsa. Anaiyeza m'dzanja. "Kakang'ono chonchi."

Anati zoti ndinalakwitsa wamva, munthu amalakwitsa, ndipo amuna ake ankakonda liwiro kuposa nzeru. Zoti ndinakhala chete chaka chonse, akuti zimenezo ndikambirane ndi a Edina, si zake. Iye funso lake ndi limodzi. M'mawa uja, likhweru litayamba, anaona a Philemon atatulutsa mutu pawindo n'kundiitana. Ndinawerama, tinalankhula, iwo anaseka n'kuvala chipewa chawo. Chaka chonse wakhala akusunga kuseka kumeneko, ndiko komaliza.

"Alongo, anakufunsani chiyani?"

Izi sindinanene pabwalo. Ngakhale muno sindinalembe.

Ndinati anandifunsa ngati phokosolo lili bwino, kapena tizimitse tione.

"Inu munati chiyani?"

Ndinati ndi mmene imalirira injini yamphamvu, alamu. Pitani.

Anamanga bawuti pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, monga amamangira ndalama ya kuchigayo. Anaimirira, anakung'untha fumbi. Ndinamuitana dzina. Sanatembenuke.

Atangokhota pa nkhokwe, likhweru layambanso.