Shuga wa Adada m'Buku la Amama

Jenda, Mzimba
19 Meyi 2025

Okondedwa mng'ono wanga Loyce ndi alamu a Hector,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko, pamodzi ndi mwana wathu Angelina. Kuno tili bwino, ndipo ineyo ndiye chimwemwe chachita kundifika m'khosi. Ndalemba m'Chichewa dala kuti alamu awerenge okha, popeza ndiwo akutuluka thukuta ndi mafomu a inshuwalansi. Komanso ndimakudziwa iwe Loyce, ukamamasulira umadumpha mizere imene sinakukomere.

Pukuta misozi, mwana wa amama. Amama sakudwala! Werenganso kachiwiri ngati ukufuna: sakudwala ngakhale pang'ono.

Paja sabata yatha unaimba foni ukulira. Unati boma la kumeneko lakulola kuitana adada ndi amama kuti adzakhale nanu mpaka kalekale, koma a inshuwalansi ya zaumoyo ataona zithunzi za buku la kuchipatala la amama anachita tsinya. Shuga wa zaka zinayi, chizungulire, dzanzi m'miyendo, masamba odzaza mpaka kuchikuto. Unati mwina amama awakana, apite adada okha, poti buku lawo lili ndi tsamba limodzi, la munga uja unawalasa kudimba. Chimene sunadziwe n'chakuti tsikulo ndinali kumudzi ku Champhira, ndipo foni yangayi ikamalankhula imamveka mpaka kuchigafa. Adada anali momwemo akusankha fodya. Anamva zonse.

M'mawa mwake ndikutuluka m'nyumba, ndinawapeza pakhonde atavala jekete ya kutchalitchi, nsapato zili mbee.

"Fyness, tiye ku Boma," anatero, n'kutembenukira kwa amama. "Nyashaba, tolani buku lanu."

Amama anangoti kakasi, chidebe chili m'manja. Iwenso ukudziwa kuti chimwalirireni mng'ono wawo a Allan pa bedi la chipatala, adada ngakhale mpanda wa chipatala amaulambalala. Munga uja tinachita kuwanyamula pa ngolo akutukwana. Ndiye lero okha n'kumati tiyeni? Ndinathamangira chitenje asanasinthe maganizo.

Tinakwera minibasi pa Jenda. Njira yonse adada anali atapanira buku la amama pachifuwa. Titafika ku Mzimba tinalowa tonse atatu kwa adokotala, mayi wachitsikana wa ku Dedza, dzina lawo a Pamela. Adada anayala bukulo patebulo, n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba, chala chikuloza.

"Ichi ntchane. Ichinso changa. Chizungulire ichi, changa. Shuga uyu, wanga yense."

"Bambo," anatero adokotala, "koma bukuli ndi la mayi."

"Enya. Buku ndi lawo, matenda ndi anga."

Alamu, khalani pansi kuti mumve mmene zinkayendera. Adada akadandaula kunyumba, amama ankaloweza madandaulowo ngati vesi la pa Sande sukulu, n'kupita ku kachipatala kena kolipira kufupi ndi kwathu kukawanena ngati awo. Tsiku lina a kuchipatalako anawapatsa kabotolo kuti abweretse mkodzo wa m'mawa, iwo n'kubweretsa wa adada. Ndi mmene shuga analowera m'buku mwawo. Mapiritsi akalandira ankadzapereka kwa mwini matenda. Akafuna kuwabaya chala kuti aone magazi, amama ankakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya mbuzi m'munda mwa eni ake.

Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anasiya kuseka, n'kutikalipira tonse ngati ana a sitandade wanu. Anati mankhwala ongoyerekeza chonchi akanatha kuwapha adada, ndipo ife tikanati ndi mfiti. Adada anangowerama. Sindinawaonepo akukalipiridwa ndi munthu wa msinkhu wa mwana wawo n'kumayankha kuti, "Yewo chomene, mama."

Anawayeza onse awiri. Amama magazi ali bwinobwino, mtima ngati wa namwali. M'buku lonse lija zawo zenizeni zinatsala zitatu: malungo kawiri ndi dzino limodzi. Adada ndiye shuga ali pamwamba, ndipo kuphazi kuli kachilonda kamene ankabisa m'sokosi. Koma usagwe mphwayi. Adokotala ati tafika nthawi yake, chilondacho chipola, ndipo akamamwa mankhwala oyenera ndi kudya mosamala adzamuona Angelina akukwatiwa. Awatsegulira buku latsopano, pachikuto palembedwa Mcdonald Zgambo ndi zilembo zikuluzikulu. Adada akulisunga m'thumba la jekete limodzi ndi chiphaso chaunzika.

Tsono imva izi. Potuluka tinalowa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi depoti. Amama anakoka mbale ya shuga, n'kuthira sipuni imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, maso ali pa adada.

"Zaka zinayi ndikumwa tiyi wowawa ku Umanyano," anatero, "azimayi a mpingo akundimvera chisoni, ena mpaka kundipempherera. Lero ndimwe wanga."

Adada anayang'ana kapu yawo yopanda kanthu kotsekemera, n'kupukusa mutu. "Nyashaba, mbwenu mwabwezera."

Tinaseka mpaka mwini tiyi anabwera kudzafunsa ngati tapata lotale. Loyce, ndinalakalaka ukanakhalapo.

Tsopano pali mawu amene andichititsa kulemba kalata m'malo moimba foni, chifukwa pakamwa sangatuluke. Ine zonsezi ndinkazidziwa. Kabotolo kaja ndinanyamula ndine m'chikwama changa. Pamene unati ndijambule mabuku awiriwo ndikutumizire, ndinajambula ndikudziwa kuti limodzi likunamizira amama, linalo likubisa adada, ndipo ndinatumiza osanena kanthu. Ndinkadziuza kuti ndikusunga chinsinsi cha adada. Limenelo ndi bodza. Pansi pa mtima ndinkati a inshuwalansi akawakana amama, adada sangapite okha, ndiye onse akhala. Loweruka lililonse ndikatseka golosale yanga pa Jenda ndizikwerabe kabaza kupita kumudzi, n'kuwapeza. Iwe uli ndi alamu ndi Angelina. Ine chichokereni bambo a kunyumba kwanga, anthu anga ndi awiri amenewa.

Unalira pafoni chifukwa cha ine, mng'ono wanga. Ndachita manyazi kwambiri, makamaka nditaona munthu woopa chipatala ngati adada akuvala jekete kuti akazi awo asatsale. Ndikhululukire, ndapota. Nanunso alamu mundikhululukire, ndakutayitsani nthawi pa mafomu abodza.

Pempho langa ndi ili. M'envulopu muno muli kalata ya adokotala yofotokoza zonse, zotsatira za magazi a onse awiri, ndi mapepala a buku latsopano. Ng'ambani mafomu akale, mulembe ena, chilichonse pa dzina la mwini wake. Ndikudziwa kuti tsopano amene angavute ndi adada, ndipo mwina inshuwalansi yawo ikwera mtengo. Mukakanidwa khomo limodzi gogodani lina, musatope. Koma musabisenso kanthu, ngakhale kachilonda kaja. Kubisa tabisa mokwanira, ndipo kunatsala pang'ono kutidyera munthu. Amama anena kale kuti ndege yokwera okha sakuifuna, ndipo adada anena chimodzimodzi, choncho mapepalawo ayende awiriawiri.

Kunyumba ndiye kwatentha ndi zokonzekera. Amama akuyanika mfutso wodzaza thumba, ndawauza kuti pabwalo la ndege akawalanda koma sakumva. Akuphunziranso Chingerezi kuti akacheze ndi Angelina, ndipo pakadali pano nkhuku zonse pakhomo zikulonjeredwa m'Chingerezi. Adada akufunsa ngati kumeneko kuli ng'ombe zoti munthu n'kukaziona Lamlungu masana. Alamu, muyankhe ndinu, ndipo muyankhe kuti zilipo. Ng'ombe zawo akuti asiyira ine. Dzulo anandiphunzitsa kumanga chipata cha khola, ndinalakwitsa katatu, iwo n'kumati mwana wa Zgambo uyu ngwa pasitolo basi.

Landirani moni kuchokera kwa amama. Akuti ndikuuze kuti wanenepa pachithunzi, ndipo akondwa. Azimayi a Umanyano akupereka moni, ngakhale ena akadali okwiya kuti mapemphero awo ankapita kwa munthu wolakwika. Undipsompsonere Angelina, umuuze kuti agogo ake akubwera ndi nyimbo zambiri.

Adada ndawawerengera kalatayi yonse, ndi ndime ya manyazi ija yomwe. Nditamaliza anati, "Nanenso nkhabisanga, mwana wane. Tonse tapola lero." Ndiye akuti ndilembe mawu awo ndendende: "Loyce, uwauze a inshuwalansi kuti matenda onse ndi anga. Nyashaba asamugwire."

Mawu otsiriza ndi anga. Akadzafika, piritsi la m'mawa amamwa akatha kudya, osati asanadye. Madzulo uziwavula sokosi wekha n'kuyang'ana pakati pa zala, chifukwa ukawafunsa adzati zili bwino. Amama uziwathirira shuga mmene akufunira, anamulipira kale. Ndipo Loweruka masana, nthawi imene ndimatseka golosale, uziwapatsa foni. Sindikhala ndi nkhani yaikulu. Ndizingofuna kufunsa ngati adya.

Atenge, mng'ono wanga. Ulendo uno ndikunena ndi mtima wonse.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Fyness