Khadi Yoyezedwa ndi Dzanja Lokokera Makoka

Achimwene Yusufu,

Salaam aleikum. Kuno ku Lungwena tili bwino, amayi mwendo uja wasiya kutupa. Kaya inu ku Joniko?

Khadi ya zithunzi ya kompyuta ya magemu ija yafika ndi a transipota. Zikomo, koma mtima ukundiwawa. Paja pa foni ndinakuuzani kuti musankhe yaifupi, malo ake ndi chikhatho chimodzi ndi zala zitatu. Inu m'shopumo munayeza ndi dzanja lanu lija lokokera makoka! Langa ndi laling'ono, achimwene. Mwatumiza chikhadi cha mafani oziziritsira atatu, chachitali ngati kampango.

Ndinakwera kabaza ndi kompyuta pamiyendo mpaka ku tauni kwa a Saidi okonza makompyuta. Anayesa uku, anayesa uku, kenako anaseka.

"Chemwali, ichi sichilowa, pokhapokha tidule bokosili ndi macheka. Ndipo pawa sapulayi yanuyi, yogawa magetsiyi, singachikoke, ingopsa."

Ndinabwerera nacho, fumbi lokhalokha. Makasitomala anga a gemu ya mpira atopa ndi osewera oyenda modukizadukiza pa sikirini, ayamba kupita kwa wina wa kumsika. Chikhadi chanucho chili pa shelefu, amayi achifunditsa kansalu.

Chonde mukachibweze, musankhe ya mafani awiri, yosadya magetsi ambiri. Ndichipereka kwa a transipota omwewo akamabwerera, pamodzi ndi ulusi wa ukonde umene ndadula pa mulingo wa malo a khadi m'kompyutamu. Mukayeze ndi ulusiwo. Dzanja lanulo mukaliike m'thumba.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Mariamu