Ndowa ya Fanuel Yabwerera Yopanda Kanthu

Amayi, kodi kumeneko mwazolowera? Ndikungofunsa mwaulemu, chifukwa ndikudziwa kuti pofika lero mwapeza kale anthu oti muziwaphunzitsa kasesedwe ka pabwalo. Ndine Agnesi, mwana wanu woyamba, uja munkati anapita ku yunivesite kukaphunzira kuyankha akuluakulu. Kuno ku Mbamba Bay tilipo. Sindinena kuti tili bwino, pakuti mabodza anga a mwezi uno ndawathera kale pa mpongozi wanu.

Ndiyambe ndi zokoma. Neema, mkazi wa mlongo wanga Fanuel, anachira bwinobwino, ndipo ndi mwana wamkazi. Tamutcha Estere, dzina lanu. Sanatenge dzina lokha ayi, watenga ndi pakamwa pomwe. Akayamba kulira, ngakhale anyamata a njinga zamoto, a bodaboda aja, kusitendi amatsitsa wailesi. Chinangwa cha kumunda wa ku Chiwanda chachita bwino, ngakhale anyani anadzitengera chakhumi chawo osadikira abusa. Mbuzi yamawanga ija inaswa awiri. Denga la khitchini likudonthabe pamalo pomwe paja munkatchera beseni, ndipo ine ndi maphunziro anga onse ndatcherapo beseni lomwelo.

Koma chomwe chandikhazika pansi ndi ndowa yanu.

Mukuikumbuka, yabuluu ija, yachivindikiro, yomwe munamangirira kansalu kofiira pachogwirira. Kuyambira pomwe Fanuel analowa usilikali wa pamadzi n'kumutumiza ku Mtwara, kunyanja yamchere, inu simunagonepo tulo tabwino. Munkati mwana wakulira m'madzi akumwa, mungamupereke bwanji ku madzi oti ngakhale galu sanyambita? Ndiye munkadzaza ndowa. Pansi ufa wa kondowole womangidwa kawiri kuopa chinyontho, pamwamba pake usipa wouma, dagaa uja, amene munkasankha nokha mmodzimmodzi ngati mukumusankhira mkazi, kenako mtedza wokazinga, tsabola wa kambuzi, ndi sopo pambali kuti fungo lisalowe mu ufa. Munkaipereka kwa Kapinga, kondakitala wa basi yodutsa ku Songea ndi ku Tunduru, iye n'kukaisiya pageti la asilikali. Ikamabwerera inkabwera ndi korosho, mtedza wa m'mitengo wa kumeneko uja, nthawi zina kokonati, nthawi zina mchere wamiyala.

Ine ndinkakusekani, sindikana. Ndinkati ku Mtwara kulinso misika, ndipo foni, simu yathu ya kuno, ilipo, mwana wanuyo mukhoza kumumva mawu tsiku lililonse. Inu munkandiyang'ana ngati ndataya ndiwo, n'kunena kuti pa simu munthu amati ndili bwino ali chigonere, koma wodwala sapita kumsika kukagula korosho. Ndipo munkaonjezera lamulo la kwanu ku Nkhotakota lija, lomwe munawoloka nalo nyanja pamodzi ndi mitanga yanu ya malonda: mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu, kupatula ikachokera pamaliro. Lamulo limeneli ndinalimvetsa pa maliro anu omwe. Ndine ndinatsuka mbale za anansi zomwe zinabwera ndi chakudya, n'kuzibweza zili mbee, zopanda ngakhale kamchere.

Kuchipatala kuja ndinkayembekeza kuti mawu anu otsiriza akhala a munda, kapena a ukwati wanga womwe mwakhala mukuulira zaka zonsezi. Inu munangoti, "Ndowa isagone." Mwana woyamba, mphunzitsi wa sekondale, cholowa chake chinali ndowa ya pulasitiki. Zikomo kwambiri, amayi.

Komabe sinagone. Fanuel atabwerera kuntchito, maliro atatha, ndinadzaza ndowa monga munkachitira, ndipo inabwera ndi korosho. Ndinadzazanso, inabweranso. Kenako anaimba simu tsiku lina masana, mawu ake ali ofulumira, nati posachedwapa atuluka ndi sitima kulowera kummwera, chakumalire, komwe inu mukudziwa kuti anthu sakugona bwino ndi nkhondo. Anati simu zikhala zotseka, tisafunse kuti mpaka liti. Ndinamufunsa kuti mpaka liti. Anaseka n'kudula.

Ndinathamangitsa ndowa kuti imupeze asananyamuke. Neema anaikamo kachipewa ka mwana koluka, kosachapa, kuti bambo ake amve fungo la mwana yemwe sanamuonepo ndi maso.

Ndowa inabwerera Loweruka lina. Kapinga sanandipatse m'manja monga mwa masiku onse, anangoisiya pa kagolosale ka kusitendi. Nditangoinyamula ndinadziwa, chifukwa dzanja linakwera m'mwamba lokha. Ndinatsegula pomwepo. Amayi, munalibe kanthu. Si kungoti mopanda kanthu ayi, koma motsuka bwinobwino, mouma, mopanda ngakhale kafumbi ka ufa. Motsuka monga ndinatsukira mbale zija.

Ndinayesa simu ya Fanuel, kamkazi ka m'simu kaja n'kundiuza m'Chiswahili chake chaulemu kuti mwini wake sakupezeka. Ndinaimba kukampu, mwamuna wina n'kundiuza kuti nkhani za msilikali amauza mkazi wake, ndipo amamuuza pa nthawi yake. Ndinamufunsa ngati pali nkhani yoti auze. Anati wandiyankha kale.

Ndowa sindinapite nayo kunyumba. Ndinakaibisa kusukulu, pansi pa tebulo langa, n'kumaigunda ndi phazi uku ndikuchonga mayeso a ana. Neema ndinamuuza kuti basi yafera ku Tunduru, katundu yense ali komweko. Iye anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuyamwitsa.

Musaganize kuti sindinadzilankhule. Ine ndimaphunzitsa sayansi, amayi. Ndimauza ana a eni ake kuti asamakhulupirire chinthu popanda umboni. Ndinadziuza kuti ndowa yopanda kanthu ndi ndowa yopanda kanthu basi, ndipo asilikali a ku Mtwara sanamvepo za malamulo a ku Nkhotakota. Koma mtima unkayankha kuti Fanuel anamva. Mwana uja munamukoka khutu atabweza mbale ya anansi athu a Nambewe yopanda kanthu, mpaka lero khutulo ndi lalitali kuposa linzake. Ngati anaibweza ndi iye, sakanaibweza choncho. Ngati sanaibweze ndi iye, anaibweza ndani, ndipo chifukwa chiyani? Mwandiphunzitsa masamu oipa, amayi, oti kulikonse ndingawayambire, yankho likutuluka limodzi.

Galimoto lililonse la boma likachepetsa liwiro pafupi ndi nyumba, ndinkathamangira pazenera. Ndinayamba kudana ndi nsapato zopolishidwa. Ndipo Kapinga anayamba kundithawa. Ndikafika kusitendi iye amazungulira kuseri kwa basi, ndikazungulira iye wakwera padenga kukamanga katundu womangidwa kale. Munthu amene ankandikuwira kuti mwalimu, ndiye kuti aphunzitsi, ndili patali, tsopano ankayang'ana matayala. Inu munkati mthenga wa uthenga wabwino sayang'ana pansi. Ndinayamba kumuthawanso ineyo, chifukwa bola kusadziwa.

Dzulo ndinatopa. Ndinatenga ndowa ija m'mawa, n'kukakhala nayo pakhomo la basi, anthu akufuna kukwera. Ndinati basi iyi sinyamuka mpaka Kapinga atsike andiyang'ane kumaso. Dalaivala analiza hutala, amayi ogulitsa nthochi anaunjikana, ine osasuntha. Mukanandiona mukanati maphunziro apita pachabe, kapena mwina mukanati tsopano ayamba kugwira ntchito.

Kapinga anatsika. Anavula chipewa. Amayi, atavula chipewacho ndinati basi, uthenga wa maliro uja wafika. Ndiye anati, "Mwalimu, pole sana, pepani kwambiri. Basi inatifera ku Tunduru, kutchire, tsiku lonse. Njala inatipweteka. Korosho uja tinadya."

Ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza, akuyang'ana matayala. Ndowa inali yodzaza mpaka pakamwa, anatero. Anayamba ndi kadzanja kamodzi, dalaivala n'kuona, okwera n'kuona, kenako zinatha. Ndiye pochita manyazi anaitsuka bwinobwino ndi sopo, akuti pofuna kuonetsa ulemu. Ulemu, amayi! Munthu wandiika m'manda ndili moyo, akuti ulemu. Ndipo bodza langa la ku Tunduru lija, taonani, linali loona. Ngakhale kunama sindikutha.

Ndinamutukwana m'Chichewa, m'Chiswahili, ndi m'Chingerezi cha ku yunivesite chomwe ndinali ndisanachipezere ntchito. Ndinkalira uku ndikuseka, amayi a nthochi n'kumandigwira mapewa poyesa kuti ndapenga. Sindinaberedwepo mokoma chonchi chibadwire.

Nditapeza mpweya ndinamufunsa kuti anamupatsa ndowayo ndani. Anati msilikali wamtali, wa mpata m'mano. Ndinati asilikali aatali ndi ambiri, a mpata m'mano ndi ambirinso, ananena chiyani? Kapinga anakanda m'mutu, nati uthengawo ankaopa kuupereka chifukwa si wabwino. Akuti: "Ukawauze achemwali kuti dagaa wawo ali ndi mchenga. Amayi ankasankha, iwo amangokokolola." Ndipo akuti polankhula zimenezi, kachipewa ka mwana kanali m'thumba la malaya ake, akumakatulutsa n'kukanunkhiza.

Ndi iyeyo, amayi. Palibe wina pa dziko lino angadye chaulere n'kudandaula za mchenga. Mwana wanu wosayamika uja anali moyo, ndipo anapita kumsika.

Nditafika kunyumba ndinaika ndowa pamaso pa Neema n'kumuuza zonse. Mukudziwa chomwe ananena? Akuti anadziwa kuyambira Loweruka lomwe lija, mayi wa kagolosale anamuuza. Anangokhala chete poopa kuti ine ndikadziwa kuti wadziwa, ndigwa. Akazi awiri m'nyumba imodzi, kudya mbale imodzi, aliyense akubisira mnzake maliro omwe kulibe. Ndi zomwe mwatisiyira zimenezi.

Koma musasangalale msanga, ngakhale ine ndinagona bwinoko. Ndowa yanuyi ili ndi vuto lomwe simunandiuze: imanena za dzulo basi. Kapinga akuti sitima inali pafupi kunyamuka pomwe ankalandira ndowayo. Kuyambira pamenepo palibe wamva kanthu. Simu ikadali yotseka. Galimoto la boma linadutsa lero m'mawa, ndipo ndinathamangira pazenera monga kale. Estere wayamba kumwetulira, ndipo ndimachita mantha kumuyang'anitsitsa, chifukwa akamwetulira ndimaona bambo ake.

Ndadzazanso ndowa. Dagaa ndasankha mmodzimmodzi, msana mpaka kuwawa, kuti ndione chomwe adandaule ulendo uno. Chivindikiro ndamanga ndi waya, ndipo Kapinga ndamuuza kuti basi ikafanso adye matayala omwe amakonda kuyang'anawo. Akaisiya pageti, ikadikire pomwepo mpaka sitima ibwere.

Tsopano ndili ndi pempho limodzi, ndipo musandiyankhe ndi mwambi. Inu muli kufupi ndi njira yomwe ine sindingathe kuilondera. Mukamuona Fanuel akubwera kumeneko, musamulandire. Ndikudziwa kuti mwamusowa, ndikudziwa kuti anali wapamtima panu kuposa ine, zimenezo tinakangana kale. Koma musamuyalire mphasa, musamufunse za ulendo. Mumugwire khutu lalitali lija, mumutembenuze, mumuuze kuti pageti pali ndowa ya eni ake ndipo sanaibweze.

Mbali yanga ndigwira. Malinga ndili ndi manja, ndowa sigona.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa ngati panu,

Agnesi