Kabotolo ka Nkhono Ndapita Nako

Bambo a mwana,

Mukukumbuka mwana wathu atafunsa kuti, "Amayi, bwanji anti osoka zovala aja nkhope yawo ndi yoyera koma zala n'zakuda?" Tsiku lija ndinamuletsa, chifukwa sindikonda kuweruza munthu ndisanamve mbali yake. Lero ndaimva.

Mayiwa agogoda m'mawa uno atadziphimba kumaso ndi mpango. Mafuta oyeretsa khungu amene akhala akudzola awawotcha masaya onse awiri, pomwe mwezi wamawa mwana wawo akukwatiwa. Akuti sangakaime pamaso pa anthu ali chonchi. Amachita manyazi kupita okha kuchipatala, ndiye ndawaperekeza. Pepani, sindinafune kukudzutsani.

Ndatenga mafuta anga a ku Korea oteteza ku dzuwa ndi kabotolo kaja ka mafuta odzola kumaso ochokera ku nkhono, kuti adokotala aone ngati angawayenere. Musavutike kukafunafuna pawindo la kubafa. Inde, ndikudziwa kuti mumabako. Chipumi chanucho sichinayambe chokha kuwala.

Mwana mukamutenge kusukulu, ndipo zovala zili pachingwe muanule mvula isanabwere.

Khungu lawo lichira, sindikukayika. Ndawauza kuti njira ya ku Korea yosamalira khungu si matsenga ndipo siyeretsa munthu. Ndi kusamba kumaso mofatsa, kudzola zofewetsa, kudziteteza ku dzuwa, tsiku ndi tsiku osatopa. Tapangana tili pakhomo pano: iwo ataya chibotolo chawo cha mafuta oyeretsa aja lero lomwe, ine ndizikagogoda kwawo m'mawa uliwonse kuti tizidzola limodzi, kufikira atakaima paukwatipo opanda mpango kumaso.