Ndinaseketsa Holo ndi Mwendo wa Abambo

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kanu chija chinaleka? Ife kuno tilipo. Abambo nawo m'thupi ali bwino, koma ndi za iwo zimene ndatengera cholembera. Pa foni ndayesa kawiri, koma ndalephera kuzinena.

Mwina munamva kuti tauni yathu yakonza masabata awiri a zisudzo zokumbukira mbiri yake. Holo aipenta, mabenchi akhomanso. Ana asukulu akusewera za kubwera kwa njanji, amayi a pamsika za moto umene unapsereza mashedi akale. Ngakhale ogulitsa matikiti avala zipewa zamakedzana. Gulu lathu linatenga sitiraka ya ku fakitale ya sopo.

Ine anangondiitana ngati kalipentala, kuti ndiwakhomere geti la fakitale la mapulanga. Ndiye mnzathu amene ankasewera ngati wantchito amene analowa pageti anzake ali pa sitiraka anasamutsidwa kuntchito. Aphunzitsi opuma amene analemba seweroli anati ndiyese ine. Papepala munthuyo alibe dzina, anangomulemba kuti Wamantha.

Achemwali, inu ndi ine tikudziwa amene analowa pageti tsiku limenelo, ngakhale m'nyumba mwathu nkhaniyi sinatchulidwepo. Ndinkadziwa, koma ndinavomera. Ndinadziuza kuti papita zaka makumi anayi, angakumbuke ndani.

Sabata yoyamba yokonzekera palibe anaseka. Aphunzitsi anati ndikuuma ngati matabwa anga omwe, ndipeze munthu weniweni woti ndimutengere mayendedwe. Mawa lake ndinalowa ndikukoka mwendo ngati abambo, ndikugwira khutu, n'kumati "pang'onopang'ono anzanga", ndi mawu aja abambo ankatiletsera mkangano tili ana. Anzanga anafa nacho chiseko. Ine zinandikomera. Chibadwire palibe amene anandiomberapo m'manja, ndipo ndinaledzera nazo.

Tinasewera Loweruka lapitali masana. Holo inadzaza mpaka ena ankasuzumira m'mawindo. Nditangotuluka kuseri kwa katani ndinawaona abambo, benchi yachitatu, atamanga taye. Munthu amene ku holo sapondako. Anamva kwa anzawo osoka nsapato aja kuti mwana wawo ali m'sewero, ndiye anabwera kudzandinyadira.

Ndikanatha kuyenda bwinobwino. Mpata unalipo, sindinama. Koma anthu anali atayamba kale kuseka pongondiona, ndipo mwendo ndinaukoka. Nditagwira khutu, madala ena anayamba kukodolana. Mayi wina anakuwa kuti si awa akhala apawa, holo yonse n'kutukula makosi kuti iwaone. Pofika pamene anzanga amandigenda ndi mapepala ofinyafinya ngati miyala, ena m'holomo anatola mapepala aja n'kumagenda nawo, koma sankagenda ine.

Abambo sanadzuke. Anakhala mpaka sewero kutha, n'kuomba m'manja pamodzi ndi anthu onse.

Lamulungu ndinapita kunyumba. Ndinawapeza pakhonde akupukuta magalasi. Ndisanatsegule pakamwa anati ndinasewera bwino, kungoti ndinalakwitsa mwendo: wawo ndi wakumanzere, ine ndinkakoka wakumanja.

Kenako anandifunsa ngati aphunzitsi anafufuzako chimene munthuyo analowera pageti. Ndinati ayi. Anati masiku amenewo kiliniki inali imodzi yokha, ya m'kati mwa fakitale, ndipo mabwana analamula kuti isalandire banja la munthu amene ali pa sitiraka. Tsiku lachisanu ndi chinayi la sitirakayo mwana wawo wa miyezi isanu anali atasiya kuyamwa, thupi likutentha ngati mbaula. Iwo analowera kutsogolo anzawo akuwalavulira malovu, amayi n'kulowera khomo lakumbuyo mwana ali kumsana.

Mwana wa miyezi isanuyo munali inu, achemwali. Anati anagwirizana ndi malemu amayi kuti musadzauzidwe, kuopa mungamadzione ngati ndinu mlandu. Apa ndaswanso chinsinsi chawo, ndikudziwa, koma ndekha chandilemera.

Oweruza a zisudzozi asankha sewero lathu kuti libwerezedwe Loweruka likubwerali, tsiku lotsekera. Ndinauza abambo kuti ndisiya. Anakana. Anati ndikasiya anzanga panjira, anthu adzati n'zakumtundu. Ndinapempha kuti ndikauze aphunzitsi awonjezere za kiliniki ija. Anati mwana wawo wamkazi sadzakwezedwa pa siteji kuti iwo amveredwe chisoni. Anatinso Loweruka abwera, ndipo malaya achapitsa kale.

Chichokereni tsiku la sewero lija sanapiteko kwa osoka nsapato kumene amacheza m'mawa uliwonse. Mkazi wanga amandiikira chakudya osandiyang'ana. Kushopu makasitomala akulowa akukoka mwendo, poganiza kuti ndisekerera. Dzulo wina anandipempha kuti ndinene mawu aja kamodzi kokha amvere mkazi wake, ine ndinangoyatsa makina opalira matabwa mpaka anatopa n'kupita.

Choipitsitsa n'chakuti mawu oti pepani sindinawanenebe. Ndapita pakhonde paja katatu. Amandipatsa mpando, amandifunsa za ntchito, ine n'kungotsanzika ngati mlendo.

Chonde, bwerani ndi basi ya Lachisanu. Sindikupempha kuti mudzandilankhulire. Mukafuna mudzandikalipire pamaso pa mkazi wanga, ndinu aakulu ndipo ndikuyenera. Ndikungofuna kuti Loweruka pambali pawo pakhale munthu wawo, chifukwa ine ndidzakhala kutsogolo, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti ndikafika pageti ndinakhoma ndekha lija ndidzayenda bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikubwerekani masiku awiri okha. Ana muwagwire chanza m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba mwathu