Miyala ya m'chigafa

Lolemba, 10 March 2003

a Kamphinda, aphunzitsi 13:40
bambo a Luckness, report ya sabata ino: test wapeza 61, akuyesetsa. koma homework ya pendulum sanabweretse kachiwiri. a head akuti wopanda practical pofika lachisanu asalembetse physical science pa MSCE. ndiye za unesi amanena mwanayu zija zithera pomwepo

a Samueli 16:05
pepani aphunzitsi, network kuno kwa Chisepo mpaka ndikwere pachulu. mwanayu ntchito ya fodya ndinamuletsa kuti aziwerenga. koma pakhomo pano zinthu sizili bwino

a Kamphinda 16:08
kwagwanji? matenda?

a Samueli 16:19
ayi. anthu akundiyenda pansi. loweruka ndinapeza miyala itatu ikulendewera mchigafa pakati pa fodya wanga, yomanga ndi ulusi wa mfundomfundo. ndinakataya kudambo. dzulo ndapezanso ina

a Samueli 16:23
chaka chatha mabelo anga anabwerera ku okushoni, lero ndadziwa chifukwa chake. ndi a Reinford oyandikana nawo munda, tinakanganapo za malire. mawa mmawa ndikawafunsa pamaso pa akulu ampingo

a Kamphinda 16:31
bambo, miyalayo yosiyana kukula? waung'ono, wapakati, waukulu?

[a Kamphinda aimba, foni siikupezeka] 16:40

a Kamphinda 17:55
chonde pls musapite kwa a Reinford tisanalankhule

Lachiwiri

a Samueli 11:20
ndangowerenga pano, ndachokera komweko. akanitsitsa mpaka kulumbira. koma inu kukula kwa miyala mwadziwa bwanji?

foni ya a Samueli 11:46
sir ndi Luckness. miyala ija ndi yanga. munati timange popanda mphepo ndiye ndinaona mchigafa. ndimaopa kuulula coz adadi anali ataitana kale amayi a chigwirizano kudzapemphera. anaimba nyimbo mpaka ine ndinaimba nawo sir

a Kamphinda 11:52
iwe Luckness iwe. apatse bambo foni

a Kamphinda 11:58
bambo, imeneyo ndi homework ndinapereka ndine. mwala aziukankha uzipita uku ndi uku, iye aziwerenga nthawi. mfundo zija ndi zoyezera kutalika kwa ulusi basi. mlandu ndi wanga, sindinakuuzeni

a Kamphinda 15:30
bambo mulipo?

Lachitatu

a Samueli 09:12
ndilipo. dzulo manyazi anandigwira, pachulu sindinakwerenso. unesi wa mwana wanga ndimakautaya kudambo ndi manja angawa, kawiri konse

a Samueli 09:20
ndapita kwa a Reinford ndi tambala. aseka mpaka kutsokomola. tambala alandira, atibwerekanso wotchi yawo ya masekondi. akuti agwira okha, ine saandikhulupirira

a Kamphinda 09:24
zkm kwambiri. awerenge maulendo 20 pa mwala uliwonse, ulusi ukhale wofanana

Lachinayi

a Samueli 14:02
aphunzitsi wotchi ya a Reinford ndi yabodza. mwala waukulu ndi kamwala kaja akuti nthawi imodzimodzi. zingatheke? mbuzi ndi ng'ombe kuthamanga mofanana?

a Kamphinda 14:06
wotchi ilibe mlandu bambo, yankho lake ndi lomwelo! kulemera sikusintha kanthu. fupikitsani ulusi muone

foni ya a Samueli 16:48
sir ndi Luckness. ndinawauza koma samva. table ndi graph ndamaliza kalekale koma akuluakuluwa akadali mchigafa. a Reinford amangirira mpaka mpini wa khasu. amayi akuti fodya lero sanasankhidwe ndi tsamba limodzi lomwe

a Kamphinda 16:51
asiye. iwe usaiwale ma units pa graph

Lachisanu

a Kamphinda 12:15
report ya sabata ino: practical 18 pa 20. dzina lake lalowa, alemba physical science. sabata yamawa tiyamba magetsi, mukaona mawaya ndi mabatire mnyumba musaitane amayi a chigwirizano aja

a Samueli 13:37
ndamva aphunzitsi, mtima wanga wakhala pansi. mayi ake alulutira mpaka nkhuku kuthawa

a Samueli 13:41
koma miyala ija tisachotse kaye. a Reinford akuti abweranso madzulo ndi mwala wawo, yathuyi sakuikhulupirira